Mano Akuda a ku Kanjedza

Pakamwa panga pandipezetsa zambiri m'moyo, ntchito ndi abwenzi omwe, koma pali chinthu chimodzi chimene panawononga chomwe sindingathe kubweza. Anali mano a mayi wina wokalamba wa ku Vietnam, amene ndinkawasamalira ku Kanjedza chaka chimene mphekesera za anamapopa zinalowa mu Blantyre.

Ntchitoyo anandipezera ndi mlamu wanga, amene ankasoka matumba pa fakitale ina ku Makata. Anati katswiri wawo wokonza makina wakatenga mayi ake kwawo chifukwa kulibenso wowayang'anira, ndipo akufuna munthu wokhala nawo masana. "Ndi Mtchaina, koma ndi wofatsa," anatero. Ine ndinali nditatopa ndi kukhala pakhomo, choncho sindinafunse zambiri. Nyumbayo inali kumapeto kwa msewu, moyang'anana ndi mabulugama a m'nkhalango, ndipo mpanda wake unali wa waya, woti aliyense wodutsa aone zonse za pabwalo.

Agogowo ndinawapeza atakhala pakhonde, kamunthu kochepa, atamanga kansalu kakuda kumutu. Nditagwada n'kupereka moni anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anamwetulira. Mano awo onse anali akuda bii, osati kuda kwa mano ovunda ayi, koma osalala, olingana bwino, onyezimira ngati njere za mapoza. Ndinazyolika msanga kuti asaone nkhope yanga. Masana omwewo ndinawaona akusenda nzimbe ndi mano omwewo, ine wa mano oyera ndikufunafuna mpeni.

Sanali gogo wokoma mtima, ndisaname. Mpunga wanga ankaukankha ndi chala, pansi ndikakolopa ankabwereza okha, ndipo ankandikalipira m'chinenero chawo tsiku lonse, ine n'kumawayankha m'Chinyanja mawu oti sindingawalembe pano. Tinkamvana choncho. Pofika mwezi wachiwiri ndinali nditawakonda, ngakhale wina akanandifunsa ndikanakanitsitsa.

Loweruka lina wamakala anaima pageti n'kufunsa ngati kwa Atchaina akufuna thumba. Ine ndinakuwa ndili kukhitchini kuti, "Eya, Atchaina akufuna!" Abwana, mwana wa agogowo, anali pakhonde akupukuta masipanala awo. Anadikira wamakala uja achoke, kenako anandiitana. Chinyanja chawo chinali cha kufakitale, chosakaniza ndi Chipwitikizi chimene anatola ku Mozambique kumene anayambira ntchito, koma tsiku limenelo ndinamva liwu lililonse.

"Mayi, munditchule galu, ndiseka. Koma musadzanenenso kuti Mtchaina pamaso pa mayi anga. Liwu limenelo lokha amalimva."

Ndinafunsa kuti nanga kusiyana kwake n'kotani, popeza maso ndi amodzimodzi. Ndikakumbukira funso limenelo manyazi amandigwira mpaka lero. Iwo sanakwiye. Anandikokera mpando n'kuyamba kufotokoza.

Anati dziko lawo lili kummwera kwa China, ndipo mafumu a ku China analilamulira zaka pafupifupi chikwi. Chikwi! Atsamunda athu kuno sanakwanitse ngakhale zaka zana limodzi, koma onani mmene timawadandaulira. Awo anabwera ndi abwanamkubwa awo, zilembo zawo, malamulo awo a ukwati ndi a kavalidwe, n'kumatuta minyanga ya njovu, ngale za m'nyanja ndi nthenga za mbalame kupita nazo kwa mfumu yawo. Dzina la dzikolo ankalisintha mmene afunira, ndipo nthawi ina analipatsa dzina lotanthauza kuti kummwera kumene kwagonja.

Anandiuza za akazi awiri apachibale, mkulu ndi mng'ono wake, amene anautsa anthu bwanamkubwa atapha mwamuna wa mkuluyo. Anakwera njovu, anapirikitsa asilikali, n'kulamulira zaka zochepa. Kenako kunabwera mkulu wa nkhondo wokalamba ndi gulu lalikulu, ndipo akaziwo anathera pomwepo. Ena amati anadziponya mumtsinje. Mkulu wa nkhondoyo anasonkhanitsa ng'oma za mkuwa za mafumu a kumeneko, anazisungunula n'kuumba chifanizo cha hatchi chokapereka kwa mfumu yake. Akuti anazikanso mzati wa mkuwa kumalire n'kulembapo kuti tsiku limene mzatiwo udzagwe, mtundu wawo udzatha. Chifukwa cha mantha aliyense wodutsa ankaponya mwala patsinde pake kuti usagwe, mpaka unakwiririka, ndipo lero palibe akudziwa pamene unali.

"Nanga mano aja?" ndinafunsa chonong'ona, chifukwa eni ake anali pafupi akusankha nyemba.

"Kwathu kale ankati mano oyera ndi a agalu, a zilombo ndi a mizukwa. Munthu weniweni amadetsa mano. Mtsikana akakula ankamupaka utomoni masiku ambiri, osatafuna kanthu, kumangomeza. Matchaina zinkawanyansa. Atachoka anadzabweranso patapita zaka mazana angapo. Ulendo umenewo anatentha mabuku athu, analamula kuti tsitsi ndi zovala zikhale zonga zawo, n'kuletsa kudetsa mano. Anthu sanasiye. Masiku ano atsikana sachitanso, mayi anga ndi a m'gulu lomaliza. Anadetsa chaka chimene anakwatiwa ndi bambo anga, ndipo bambo anamwalira osawaonapo ndi dzino loyera."

Bambo anga anali Mlomwe, makolo awo anaoloka kuchokera ku Mozambique kudzathyola tiyi. Atabwera ku Limbe anasiya kulankhula Chilomwe panja chifukwa anzawo ankawatcha Nguru, ndipo ife ana awo timangodziwa moni basi. Ife palibe mfumu inatiletsa, kuseka kwa anthu kokha kunakwanira. Sindinawauze abwana zimenezi. Ndinabwerera kukhitchini kukatsuka mbale.

Agogowo anali ndi chizolowezi chinanso. Ankatafuna masamba aja amwenye amati paani, atakulungamo kambewu kolimba ndi laimu pang'ono. Lachisanu lililonse ndinkakawagula ku Limbe, kusitolo ya mayi wina wachimwenye kuseri kwa msika. Munthu akatafuna zimenezi malovu ake amafiira psuu, ndipo agogo ankalavulira m'chitini cha jamu. Abwana anati chitinicho ndizikakhuthula m'chimbudzi. Koma chinkathimbiriritsa mbale ya chimbudziyo, ndipo wokwecha anali ine, choncho ndinayamba kukhuthulira m'ngalande ya kumsewu, kunja kwa mpanda.

Pakona ya msewu wathu panali okala ya mayi wina, pamene antchito a m'nyumba tinkasonkhana pogula tomato n'kumajeda mabwana athu. Ine ndinali katswiri pamenepo. Tsiku lina m'nyengo yozizira wina anandifunsa kuti kodi anthu ajawa amadya chiyani.

"Agogo anga? Aja sadya zathuzi," ndinatero. "Simunaone mano? M'mawa uliwonse ndimakataya chitini chodzaza magazi m'ngalande. Mukaone nokha."

Anthu anaseka mpaka misozi, mwini okala anachita kugwira m'nthiti. Ine ndinabwerera kunyumba ndili wokondwa kuti ndasekesa anthu. Nthawi imeneyo palibe ankalankhula za anamapopa, ndipo pofika mawa lake ndinali nditaiwala zonse. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga unanditsata patapita miyezi itatu.

Kutayamba kutentha, nkhani zinayamba kubwera ndi maminibasi ochokera ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ankati kuli anthu opopa anzawo magazi, amapopera mankhwala pazenera kuti ufooke, kenako n'kukulowetsa kapaipi. Palibe anawaona, koma aliyense anali ndi msuweni amene anawaona. Chimodzi chokha onse ankagwirizana: ndi alendo, si anthu a kuno. Nkhaniyo inafika ku Thyolo, inafika ku Chiradzulu, kenako kuchoka m'maboma inalowa m'tauni. Anyamata anayamba kutchinga misewu ndi zipika, kuimitsa magalimoto n'kumasecha zikwama. Tsiku lina kondakitala anatiuza akuseka kuti mbali ina ya tauni munthu amuotcha dzuwa likuswa mtengo, ndipo m'minibasi yonse palibe anamudzudzula.

Kwathu zinayamba pang'onopang'ono. Ana amene ankabwera pawaya kudzakuwa kuti "Tchaina! Tchaina!" anasiya kubwera, ndipo ine wopusa ndinayamba ndakondwa. Wamakala ankadutsa pageti atayang'ana kumbali. Pa okala ndikafika nkhani inkaduka, ndipo mwini wake ankandiikira tomato pathabwa m'malo mondipatsa m'manja. M'mawa wina ndinapeza amayi awiri atawerama pangalande yathu, akutokosa ndi kamtengo pamene simenti inali itafiira. Atandiona anaweramuka n'kuchoka osapereka moni. Apo m'pamene ndinakumbukira zimene ndinanena pa okala.

Lachisanu limenelo mayi wachimwenye uja anandipatsa masamba atawakulunga m'nyuzipepala kawiri. Anasuzumira kunja asanalankhule.

"Mayi, muwauze agogo anu ayambe asiya. Amuna anga masiku ano akutafunira kubafa, chitseko chokhoma. Ife tinabadwira mu Limbe muno, koma zikavuta tonse timasanduka alendo."

Ndinakwecha ngalande ija ndi bulashi mpaka zala zinasupuka, koma kufiirako kunali kutalowa m'simenti. Abwana nawo anali atamva manong'onong'o kufakitale. Analamula kuti mayi awo asatulukenso panja. Koma agogo anali ndi chizolowezi choyenda m'mawa uliwonse m'mphepete mwa nkhalango, n'kumamwetulira aliyense wokumana naye. Nditakhoma chitseko anayamba kuchimenya ndi ndodo yawo, akukuwa m'chinenero chawo. Ndinazindikira mochedwa kuti kumsewu kukumveka chiyani: mawu achilendo a nkhalamba yotsekeredwa m'nyumba. Masana a tsiku lachiwiri mwala unagwa padenga, kenako wina. Nditatuluka mumsewu munalibe munthu.

Lachitatu dzuwa lili paliwombo kunabwera atcheya a m'dera lathu, bambo waulemu wopuma pa ntchito ya ukalaliki, atafunda ambulera. Anali ndi amuna awiri amene sindinkawadziwa. Abwana anali kuntchito. Atcheya anakana kulowa, tinalankhulira pageti.

"Mayi, ine zimenezi sindizikhulupirira, ndinapita kusukulu. Koma anyamata akuti Lamulungu akaweruka kutchalitchi abwera kuno. Ndawagwira kawiri, kachitatu sindingathe."

Ndinathamangira m'nyumba n'kubwera ndi masamba aja, kambewu ndi laimu. Ndinakulunga mmene ndinkaonera agogo akuchitira, n'kutafuna pamaso pawo. Zinandiwotcha lilime, mutu unazungulira, koma ndinapirira mpaka ndinalavula pansi malovu ofiira. Ndinkayesa kuti nkhani yatha. Mmodzi wa amuna aja anabwerera m'mbuyo n'kuuza mnzake kuti, "Mwaona? Nayenso anamudyetsa."

Atcheya anapukusa mutu. "Masamba tawaona, mayi. Nanga mano? Anthu akufunsa kuti ndi munthu wanji wa mano otero. Ndipo za magazi si ife tinayambitsa. Munanena nokha pa okala, anthu akumva."

"Zinali nthabwala, atcheya!"

"Nthawi imeneyo zinali nthabwala," anatero, n'kutembenuka.

Abwana atabwera ndinawauza za Lamulungu, za atcheya, za amuna awiri aja. Za pa okala sindinanene. Iwo anathamangathamanga. Apolisi anabwera, anazungulira, analankhula ndi atcheya, koma m'tauni monse munali chipwirikiti ndipo sakanatha kukhala pageti pathu tsiku lonse. Kuwatumiza kwawo agogo sikukanatheka, pasipoti yawo inali ku ofesi kudikira chilolezo chatsopano. Mnzawo wina wa abwana, wa ku Naperi, anavomera m'mawa kuti asunga agogo, madzulo n'kuimba foni kuti mlonda wake wamva kale nkhaniyo ndipo mkazi wake akuopa. Abwana anakhala pakhonde atagwira mutu, atasowa mtengo wogwira.

Ndine ndinatchula za dokotala wa mano. Ndinati anthuwa akuopa mano basi, akawaona oyera mitima yawo igwa. Ndinkafuna kupulumutsa agogo, ndi zoona. Koma ndinkafunanso kuti nkhaniyo ithe msanga dzina langa lisanafike m'makutu mwa abwana, ndipo chimenecho ndi choonanso.

Abwana anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba, ine ndikutsatira. Anagwada pamaso pa mayi awo n'kulankhula motsitsa mawu. Ndinkayembekeza ndodo, kukuwa, mbale kusweka. Agogo sanachite chilichonse cha izo. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anafunsa funso limodzi lalifupi.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa abwana.

"Akuti akadzamwalira, bambo anga akawadziwa bwanji? Akawayesa mzukwa, akawathawa."

Lachisanu m'mawa galimoto ya kufakitale inatitenga kupita m'tauni, agogo atamanga mpango pakamwa ngati wodwala dzino. Chipatala cha manocho chinali m'chipinda cham'mwamba, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Dokotala anali mtsikana wa kuno konkuno. Atawaunika anavula magalasi n'kutiyang'ana.

"Mano awa ndi olimba kuposa anga. Mukufuna ndiwachite chiyani?"

Abwana anafotokoza. Dokotalayo anayamba wakana, anati ntchito yake ndi yochiza, ndipo apa palibe chodwala. Kenako anafunsa kuti tikukhala kuti, ndipo atamva anasiya kukana. Nayenso m'mawa umenewo anali atadutsa pa zipika za anyamata. Anati kuda kumeneko kunalowa mkati, sikungachoke ndi mankhwala. Ayenera kupala pamwamba pa mano akutsogolo n'kumatapo zoyera, ndipo zikatero sizibwereranso.

Abwana anatanthauzira mayi awo, iwo n'kugwedeza mutu kamodzi. Makina atangoyamba kulira abwana anatuluka, anati akukaimba foni. Ndine ndinatsala, ndine ndinawagwira manja. Anali manja opepuka, ozizira, ndipo sanandikanize ngakhale pang'ono. Ndikanakonda akanandikanda kapena kunditukwana monga ankachitira pa nkhani ya mpunga. Anangoyang'ana kudenga, misozi ikutsikira m'makutu. Akawauza kuti achukuche, madzi ankatsika m'kabeseni ali akuda. Ntchitoyo inatenga masiku awiri, Lachisanu ndi Loweruka.

Lamulungu anthu anabweradi, chakumasana. Anadzaza msewu kuyambira pageti mpaka pakona, ena atavala zakutchalitchi, Mabaibulo ali kukhwapa. Kumbuyo kunali anyamata, ndipo ndinaona mmodzi atanyamula chigubu chaching'ono. Sindinafune kudziwa kuti muli chiyani. Atcheya anaima kutsogolo n'kupempha kuti agogo atuluke. Abwana anawagwira mkono uku, ine uku, mpaka pawaya.

Abwana ananong'oneza mayi awo. Agogo anayang'ana khamulo, kenako anafunyulula milomo. Sikunali kumwetulira, kunali kuonetsa basi. Mano oyera mbee, aakulu kuposa nkhope yawo.

"Aaa, si gogo chabe uyu?" anatero mayi wina. Wina anaseka, kenako ambiri. Atcheya anakweza ambulera n'kunena kuti aliyense waona yekha, tiyeni kwathu. Anthu anabalalika pang'onopang'ono, ena akung'ung'udza ngati awamana chakudya. Mwini okala anandikodola ali patali n'kukuwa kuti ndibwere mawa, kwabwera tomato wabwino.

Titalowa m'nyumba abwana anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Mayi, mwapulumutsa mayi anga. Onse anatiopa, inu nokha ayi."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Pakamwa pomwe paja, posasowa chonena pa okala, panauma gwa. Ndinangoti, "Zikomo bwana," n'kupita kukateleka madzi a tiyi. Ndinadzida tsiku limenelo, ndipo kudzidako sikunathe mpaka pano.

Mvula itayamba, mphekesera zija zinazilala zokha. Zipika zinachoka m'misewu, ana anabwereranso pawaya. Agogo sanapitenso kukayenda m'mphepete mwa nkhalango ngakhale chitseko chinali chotsegula. Masamba anasiya, laimu ankawanyerenyetsa mano. Kundikalipira anasiyanso, ndipo ndinkapsereza mpunga dala kuti mwina alankhule, koma ankangodya, dzanja lina litaphimba pakamwa.

Pakona ya pabalaza panali kashelefu kokhala ndi chithunzi cha malemu amuna awo, mnyamata wowonda wovala chipewa. M'mawa uliwonse agogo ankayatsapo timitengo ta lubani n'kumacheza ndi chithunzicho, nthawi zina mpaka kuseka. Panalibe wina ankaloledwa kukhudza pamenepo, ngakhale kupukuta fumbi. Chibwerereni kwa dokotala panali pasanayakenso moto.

M'mawa wina ndikukolopa agogo anandikoka chitenje. Anandiika machesi ndi timitengo titatu m'manja, n'kundilozera kashelefu kaja. Ndinakana ndi mutu, ndinati si malo anga amenewo. Anandikankha pamsana mpaka ndinafika pamaso pa chithunzicho. Ndinayatsa, utsi n'kuyamba kukwera. Nditacheuka kuti ndiwafunse ngati ndachita bwino, sindinawaone pabalaza. Anali ataima kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, pamene mwamuna wawo sakanawaona, manja onse awiri ali pakamwa.